Che Ridhiwani Aletsa Ketulo Pachipata

Che Ridhiwani Mkwanda adabadwira ku Ntaja, m'boma la Machinga, ndipo adafika ku Dar es Salaam m'chaka cha 1963 atakhala pamwamba pa matumba a mtedza. Adali ndi malaya awiri ndi kapepala kolembedwapo dzina la malume awo ndi malo amene ankakhala, kamene iwo eni sankatha kuwerenga. Atafika pamalopo adapeza malumewo atasamuka kalekale. Kapepalako sadakataye. Ankanena kuti pepala lidanena zoona, wolakwa adali malume amene adasamuka. Anthu owadziwa bwino amakhulupirira kuti ulemu waukulu umene adaupereka kwa mapepala moyo wawo wonse udayambira pamenepo.

Zaka zisanu ndi zinayi adasenza katundu wa eni sitolo ku Kariakoo, msika waukulu wa mumzindawo, mpaka pakati pamutu padasiya kumera tsitsi. Adakwatira a Mwanaima, mwana wa anthu a kwa Kawinga amene adakhazikika ku Manzese, dera lina la mumzinda womwewo, ndipo Mulungu adawapatsa mwana mmodzi, Zahara. M'chaka cha 1972 adalowa sukulu ya kwacha, imene boma la Tanzania linkalimbikitsa kwambiri masiku amenewo, naphunzira kuwerenga ndi kulemba Chiswahili ali ndi ndevu kale. Setifiketi imene adalandira adaipachika pakhoma, pamalo pomwe mlendo aliyense ankayamba waiona asanapatsidwe moni.

Setifiketiyo ndiyo idawachotsa pansi pa matumba. Adalembedwa ntchito ku Kurasini, pa kampani ina yoombola katundu padoko. Ntchito yawo idali imodzi: kuima pakhomo pa kontena ndi mndandanda m'manja, ndi kutsimikiza kuti katundu ali m'katimo ndi yemweyo wolembedwa papepala. Nkhondo ya ku Mozambique itatseka njira za ku Beira ndi ku Nacala, katundu wa ku Malawi adayamba kudzera ku Dar es Salaam, ndipo madalaivala a malole ochokera kumudzi ankasangalala kumva mkulu akuwalonjera m'chinenero cha kwawo. Chimwemwe chimenechi sichinkakhalitsa. Che Ridhiwani adali ndi lamulo limodzi lokha, limene ankalinena modekha ngati pemphero: cholembedwa chidutse, chosalembedwa chitsike. Dalaivala wina wa ku Lunzu adatsitsidwa matilesi amene adagulira mkazi wake, ndipo adapita mpaka ku Songwe akutchula dzina la Che Ridhiwani mosayenera kulembedwa pano. Tiyenera kuwachitira chilungamo ponena kuti pa zaka makumi awiri zimenezo sadalandirepo ngakhale botolo la chakumwa kwa munthu wofuna kudutsa mwachinyengo.

Adapuma pantchito m'chaka cha 1993. Iyi idali nyengo imene anthu a mumzindawo ankaitcha ruksa, kutanthauza kuti zonse nzololedwa. Boma lidamasula malonda. Kaunjika adadzaza misewu, ma minibasi otchedwa daladala adachuluka ngati nyerere, ndipo munthu aliyense amene adali ndi tebulo adasanduka mwini bizinesi. Che Ridhiwani sadaikonde nyengoyi. Ankaona kuti dziko lasanduka kontena yopanda mndandanda.

Pofuna kuti mkuluyo asafe ndi kukhala, anthu a ku Manzese adawasankha kukhala wapampando wa komiti yoyang'anira sukulu ya kwacha imene inkakumana Loweruka lililonse masana pa sukulu ina ya pulayimale ya m'deralo. Ophunzira adali amayi makumi atatu ndi mmodzi, ambiri a iwo ogulitsa zitumbuwa, nsomba zokazinga ndi makala m'mbali mwa msewu wa Morogoro. Ena adali a kumudzi kwathu, ena eni dziko. Mmodzi wa iwo adali a Mwanaima, amene adatopa ndi kudikira amuna awo kuti awawerengere makalata ochokera kwa Zahara, yemwe adakwatiwa ku Mbeya. Mphunzitsi adali a Shomari, bambo wofatsa wophunzitsa ana a Sitandade 4 pasukulupo, amene ankalandira kangachepe kuchokera ku ofesi ya maphunziro ya boma.

Sukuluyi inkachitikira pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa makalasi. Amayi ankayala mphasa, natambalala, ana akuyamwa, makope ali pamiyendo, bolodi itatsamira pamtengo. Pakati pa phunziro a Pili, mayi wogulitsa zitumbuwa amene mawu awo ankamveka tsidya lina la msewu, ankatsitsa ketulo yaikulu pambaula, ndipo onse ankamwa tiyi. Kuyambira kale, shuga, masamba a tiyi ndi mphasa zatsopano zinkagulidwa ndi ndalama zochokera ku ofesi ya maphunziro. Che Ridhiwani ankakhala pampando chapatali pang'ono, monga kuyenera mwamuna, namwa makapu atatu.

M'mwezi wa Malichi 1994 kudabwera chikalata cha masamba awiri, chodindidwa bwino lomwe. Chidafotokoza kuti popeza thumba la boma lachepa, ndalama za ofesi ya maphunziro zoperekedwa ku masukulu a anthu akuluakulu zigwiritsidwe ntchito pa zinthu zotchulidwa zokha: choko, makope, penti ya bolodi, kukonzetsa madesiki ndi kangachepe ka mphunzitsi. Tsamba lachiwiri lidatchula zinthu zimene ndalamazo siziyenera kulipira: zakudya ndi zakumwa, mphasa ndi ziwiya zapanyumba, zoyendera, ndiponso maphwando. Pansi penipeni padali mawu ena olemera. Woyendera masukulu adzafika Loweruka lomaliza la mwezi wa Juni, ndipo sukulu ya kwacha iliyonse imene idzapezeke ndi ophunzira osakwana makumi awiri idzafafanizidwa m'buku, mphunzitsi wake nadzachotsedwa.

Che Ridhiwani adachiwerenga katatu. Nkhope yawo idawala monga ya munthu amene wakumana ndi mbale wake kuchilendo. Potsiriza dziko lidabwezeretsa mndandanda.

"Mzee," adatero a Shomari mwaulemu, monga aitanira munthu wamkulu m'Chiswahili, "ine ndikuona ngati chikalatachi chikunena za ndalama chabe..."

"Aphunzitsi," adawadula mawu Che Ridhiwani, "inu ntchito yanu ndi ana, ndipo mumaigwira bwino. Zikalata za boma ndadya nazo mchere zaka makumi awiri. Boma likalemba masamba awiri, loyamba ndi katundu wodutsa, lachiwiri ndi katundu wotsika. Tikapezeka ndi katundu wa tsamba lachiwiri, atitsekera sukulu."

A Shomari, amene adaleredwa kuti asamatsutse imvi, adameza mawu awo otsala.

Loweruka lotsatira amayi adapeza wapampando wawo ataima pachipata cha sukulu, atavala mkanjo woyera ndi jekete, chikalata chili m'manja. Woyamba kufika adali a Pili, ketulo kudzanja lamanja, beseni la zitumbuwa pamutu.

"Mayi, mwanyamula chiyani?"

"Iii, Che Ridhiwani, maso ayamba kuvuta? Si ketulo yomwe ija mumamwera makapu atatu?"

"Ketuloyo ndikuidziwa, ndipo ndilibe nayo chifukwa. Koma yalembedwa pa tsamba lachiwiri. Itsike."

"Itsike ipite kuti? Shuga ndagula ndekha, poti tamva kuti boma lasauka."

"Chikalata sichinafunse kuti wagula ndani. Zakudya ndi zakumwa, ayi. Mphasa ndi ziwiya zapanyumba, ayi. Inunso mayi a Zahara, mphasayo isiyeni panja."

A Mwanaima adawayang'ana amuna awo kuyambira kukofia mpaka kunsapato, ndipo adaika mphasayo pansi. Mayi wina adafunsa ngati mwana wa kumsana alinso pa tsamba lachiwiri. Che Ridhiwani adayang'ana pachikalata moona mtima, napeza kuti ana sadatchulidwe pa tsamba lililonse. Adaganiza kwa kanthawi, nalamula kuti ana adutse pongoyembekezera, kufikira boma litanenapo.

Popeza madesiki adali pa tsamba loyamba, sukulu idasamukira m'kalasi ya Sitandade 2. Owerenga ayenera kukumbukira kuti madesiki amenewo adapangidwira ana a zaka zisanu ndi zitatu, ndiponso kuti mpando ndi tebulo zidakhomeredwa pamodzi. Amayi ochepa thupi adalowa chammbali, mawondo akugunda thabwa. A Pili, amene Mulungu adawadalitsa mosaumira, adalowanso, pakuti kulowa sikuvuta. Phunziro litatha adaimirira, ndipo desiki idaimirira nawo. Padafunika amayi awiri okoka desiki ndi awiri okoka a Pili, a Shomari atatembenukira kubolodi ndi kufufuta mwakhama zinthu zofufutidwa kale.

"Ine ndili ndi zidzukulu zinayi," adatero a Pili ali pakhomo, akukonza nsalu yawo. "Sindinabwere kuno kudzavala desiki."

Loweruka linalo kudabwera amayi khumi ndi asanu ndi atatu. Lotsatira, khumi ndi awiri. Pofika mwezi wa Meyi adatsala asanu ndi awiri, onse owonda. Kalasi ya malata inkatentha ngati uvuni, ana ankalira, ndipo munthu amene wadzuka mbandakucha kukakazinga nsomba sangamve za zilembo kukhosi kuli gwa.

Kunyumba nakonso zinthu zidasintha. M'mawa wina Che Ridhiwani atabwera kumzikiti adakhala pakhonde kudikira tiyi monga mwa masiku onse. Adadikira mpaka dzuwa lidafika pamapazi.

"Mayi a Zahara, kodi makala atha?"

"Makala alipo, bambo a Zahara."

"Nanga tiyi?"

"Ndikuopa mlandu. Inu ndinu odziwa kuwerenga. Tatengani chikalata cha ukwati wathu mundiwerengere pamene palembedwa tiyi. Ngati palibe, atsike."

Che Ridhiwani adafotokoza mofatsa kuti nkhani za boma ndi za m'banja n'zosiyana. A Mwanaima adavomera kuti n'zosiyanadi, napitiriza kusesa. Kuyambira tsiku limenelo mkuluyo ankamwa tiyi pa kantini ya pamsewu, ataimirira pakati pa makondakitala a daladala, ndipo ankauza ofunsa kuti akufuna kudziwa mmene anthu wamba akukhalira.

Tisaganize kuti nkhani ya ophunzira makumi awiri idawachoka m'mutu. Idawasowetsa mtendere kwambiri, chifukwa sukulu ya kwacha ndiyo idawachotsa pansi pa matumba, ndipo sadafune kuti ifere m'manja mwawo. Adayenda khomo ndi khomo m'tinjira ta Manzese, akudumpha ngalande, kupempha amayi kuti abwerere. Paliponse ankalandiridwa mwaulemu, napatsidwa mpando. Paliponse ankafunsidwa funso limodzi, ngati mphasa ndi ketulo zamasulidwa. Iwo ankatulutsa chikalata, amayi naseka. Ngakhale a Mwanaima adaleka kupita. Loweruka masana ankavala bwino, natenga kope lawo, nanena kuti akupita kukaona wodwala kwa a Pili. Che Ridhiwani adadabwa kuti wodwalayo sachira, komanso samwalira.

Loweruka lomaliza la Juni lidafika. Woyendera masukulu adali mayi Dafroza, munthu wamfupi wa magalasi, amene adatsika daladala nsapato zili fumbi lokhalokha, atayendera kale masukulu atatu. Adalowa m'kalasi, nawerenga mitu. Sikudali kovuta.

"Asanu ndi awiri," adatero m'Chiswahili. "M'buku langa muli makumi atatu ndi mmodzi. Mzee, ena ali kuti?"

Che Ridhiwani adaimirira, nakonza jekete, nalankhula monga ankalankhulira ndi akuluakulu a kasitomu. Adavomereza kuti chiwerengero chatsika. Koma adapempha mayiyo kuti aone kuti pasukulupo palibe chinthu ngakhale chimodzi cha pa tsamba lachiwiri. Ketulo idatsitsidwa pachipata. Mphasa zidatsitsidwa. Zitumbuwa sizidadutsepo kuyambira Malichi. Za ana oyamwa, adati, komiti ikudikirabe chigamulo cha boma.

Mayi Dafroza adavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali. A Shomari adayang'ana kudenga.

"Mzee, adakuuzani ndani kuti muletse zinthu zimenezi?"

"Chikalata, mayi. Tsamba lachiwiri."

"Tawerengani mzere woyamba wa tsambalo."

Che Ridhiwani adawerenga mokweza ndi momveka bwino: "Ndalama za ofesi ya maphunziro siziyenera kulipira zinthu izi."

"Ndalama za ofesi," adabwereza mayiyo. "Chikalatachi chikumanga dzanja langa, osati lanu. Ine sindingagule shuga. Koma amayiwa akafuna kubwera ndi mbuzi yowotcha, abwere nayo, bola asanditumizire mtengo wake. Kodi munkagwira ntchito yanji, Mzee?"

"Kudoko, mayi. Ku Kurasini."

"Ndinadziwa. Kudoko chosalembedwa ndi mlandu. Kuno chosalembedwa ndi chanu, mudzionere nokha. Masiku ano boma likungonena pamene thumba lake lathera."

Kwa nthawi yoyamba m'zaka makumi atatu, Che Ridhiwani adayang'ana pepala ndi diso la munthu wolakwiridwa. Koma pepala lidali litanena zoona, monga lija la malume. Safunsa adadya phula, ndipo a Shomari adali ndi ulemu wokwanira kusawakumbutsa.

"Ndilibe mphamvu yosintha chiwerengero," adapitiriza mayi Dafroza, akutsegula buku lawo. "Ndilemba anthu amene ndawaona ndi maso. Ndikhala pano kufikira kumzikiti kuja aitanire swala ya alasiri, pemphero la dzuwa litapendeka. Akangoitana, nditseka buku ndi kukakwera daladala."

Apa mpamene a Shomari adayandikira, nanong'ona kuti wodwala wa kwa a Pili mwina angathandizepo.

Che Ridhiwani sadathamange, pakuti adali asadathamangepo chiyambire 1972. Koma ana a m'njira adachitira umboni kuti mkanjo unkauluka. Atakankha chitseko cha malata cha kwa a Pili, adapeza bwalo lodzaza. Amayi adali atatambalala pamphasa, makope pamiyendo, ketulo ikuwira pambaula. A Mwanaima adali ataima pakhoma ndi khala m'manja, akulemba zilembo zimene anzawo ankatchula. Onse adatembenukira kuchitseko.

Mkuluyo adavula kofia, chinthu chimene sankachita pamaso pa akazi, naibwezeranso msanga.

"Amayi," adayamba, "komiti yaunikanso chikalata chija, ndipo yapeza kuti panali kusamvetsetsana..."

"Komiti yake iti?" adafunsa a Pili. "Ife tinaona munthu mmodzi pachipata."

"Wapampando," adatero Che Ridhiwani, mawu atatsika. "Wapampando analakwitsa. Ketulo ilibe mlandu. Mphasa zilibe mlandu. Woyendera ali kusukulu, ndipo akaitana alasiri tisanakwane makumi awiri, sukulu yathu yatha. Ndikukupemphani, bwerani."

Amayi adayang'anana. A Pili adapukuta manja pansalu mosafulumira.

"Bambo a Zahara, inu ndinu a kudoko, mutiphunzitse. Katundu akatsitsidwa molakwika, amamukweza ndani?"

"Amene anamutsitsa," adayankha Che Ridhiwani, chifukwa sankatha kunama pa nkhani ya malamulo.

"Basi. Mphasa ndi izi, ketulo ndi iyo. Samalani, ndi yotentha."

A Mwanaima adaika khala pansi. Adamasula kansalu kamene adamanga m'chiuno, nakapinda kukhala nkhata, nachotsa kofia ya amuna awo, naika nkhatayo pakati pamutu, pamalo pomwe matumba a ku Kariakoo adasiya dazi. Amayi adakulunga mphasa zisanu ndi zitatu, nazimanga ndi chingwe, nawasenzetsa. Khosi lidakumbukira ntchito yake yakale msanga kuposa mmene mwini wake akadafunira.

Anthu a ku Manzese amene adalipo tsiku limenelo amaukumbukirabe ulendowo. Patsogolo padali mkulu wa mkanjo woyera ndi jekete, mtolo wa mphasa pamutu, ketulo yofuka nthunzi kudzanja lamanja, chikalata cha boma chili kukhwapa. Pambuyo pake padali mzere wa amayi, makapu akulira m'mabeseni, a Mwanaima atanyamula kofia ndi manja awiri ngati mbale ya mlendo. Mnyamata wina wokankha ngolo adafuula kuti, "Shikamoo, Mzee! Mwabwerera ntchito? Mpaka ku Kariakoo ndi zingati?" Che Ridhiwani adayankha moniwo moyenera, funsolo nalisiya.

Mphasa zidayalidwa pansi pa mtengo wa mango. Asanu ndi awiri aja adatuluka m'madesiki mothokoza, a Shomari natsamiritsa bolodi pamtengo. Mayi Dafroza adayenda pakati pa miyendo yotambalala akuwerenga, ndipo atafika pa makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi, mawu oitanira swala adamveka kuchokera kumzikiti. Adalemba chiwerengerocho, natseka buku.

A Pili adawapatsa kapu ya tiyi ndi zitumbuwa ziwiri.

"Walipira ndani?" adafunsa mayi Dafroza.

"Thukuta langa," adatero a Pili.

"Ndiye thirani shuga wina."

Woyenderayo ali pafupi kunyamuka, Che Ridhiwani, amene khosi lidali lisadawongoke bwino, adawayandikira ndi pempho limodzi. Adati sakukayika mawu a mayiyo ngakhale pang'ono, koma mawu apakamwa amauluka, ndipo komiti ingakhale ndi mtendere ngati zimenezi zitalembedwa. Mayi Dafroza adawayang'ana pamwamba pa magalasi, natenga chikalata chija, nachitembenuza, nalemba kumbuyo kwake kuti tiyi, mphasa ndi ana oyamwa ndi zololedwa, malinga ngati boma silikulipira. Adasayina, naikapo tsiku. Chidindo adalibe, ndipo Che Ridhiwani adadandaula pang'ono za ichi, koma adalandira.

Adakhala wapampando zaka zina zisanu, ndipo sukuluyo siidatsikenso pansi pa makumi awiri. Chikalatacho adachipachika pakhoma, kunsi kwa setifiketi, tsamba lakumbuyo likuyang'ana alendo. Pofika Disembala wa chaka chimenecho a Mwanaima ankawerenga okha makalata a Zahara, napeza kuti mwanayo ankalemba zambiri kuposa zimene bambo ake ankaona kuti n'zoyenera kuwerengedwa mokweza. Tiyi wa m'mawa adabwerera pakhonde, koma ndi mwambo watsopano. A Mwanaima ankaima pakhoma paja ketulo ili m'manja, nawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere, kufikira pa siginecha ya mayi Dafroza. Che Ridhiwani ankadikira ndi kapu yopanda kanthu, ndipo sadapemphepo ngakhale tsiku limodzi kuti adumphe mzere.